Mtima Wobwereka

Starlet ya malemu achimwene inafera pa chitunda cha ku Chilomoni,
Lachiwiri, kumbuyo kuli matireyi khumi ndi awiri a mazira.
Inatsokomola kawiri, n'kulavula utsi wabuluu,
kenako zii.
Anyamata a kabaza anandikankhira pambali,
wina n'kuti, madala, kaikeni m'manda aka.

Che Ajibu a ku Ndirande sanaseke.
Anatsegula boneti, nanunkhiza kachitsulo koyezera oyilo,
n'kukapukutira pa ovolosi.
Ati mapisitoni atha, buloko yang'aluka,
tikasoka lero mawa mubweranso.
Ilipo ina ku Limbe, kuseri kwa msika,
yatsika m'kontena sabata yatha,
yokulirapo pang'ono, yopanda kabureta,
imamwa petulo mochita kuyeza ngati mankhwala a khanda.

Ndinagulitsa nkhuku zoikira zana limodzi,
zotsalazo ndinakongola ku banki m'khonde.
Amake Tinyade sanandiyankhule masiku atatu.

Yakaleyo anaikweza ndi tcheni pa mapaipi atatu,
ikudontha zakuda,
ikuzungulira pang'onopang'ono m'malere
ngati mbuzi yoti isendedwe.
Pamene inali panatsala dzenje,
ndipo kunsi kwa batire ndinapezako sipana ya nambala teni
imene achimwene anaifunafuna chaka chathunthu
mpaka kunamizira mwana wa eni nyumba.

Yatsopano sinalowe mwaulemu.
Mabawuti a giyabokosi anakana mabowo.
Anawotcherera zogwirira zina, nadula, nawotchereranso,
magetsi n'kuzima, tinadikira mpaka Loweruka.
Mawaya anali chisa cha mpheta.
Yusufu, kamnyamata ka Che Ajibu,
ankawawerenga pa foni yosweka galasi,
lofiira uku, lachikasu uko,
kakompyuta n'kukabisa pansi pa mpando, m'jumbo ya shuga.
Ladiyeta tinazula ku Corolla yogundidwa.
Ekizozi anaikulitsa kukamwa.

Italira koyamba,
akalipentala oyandikana nawo anasiya kupala matabwa.

Che Ajibu anazimitsa, nandigwira pamkono.
Ati mtima ndi wa mnyamata uwu
koma miyendo ikadali ya nkhalamba,
musanapondereze, bweretsani ya mabuleki.
Ndinabweretsa. Nkhuku zina khumi.
Ku Ginnery Corner ndinaima pamzere tsiku lonse
kuti nambala ya injini isinthidwe m'mapepala.
Dzina la achimwene linachoka tsiku lomwelo,
mayi wa pakauntala anangodinda, n'kuitana wotsatira.

Chitunda chija ndinachikwera pa giya yachitatu.
Ndinapitirira minibasi, kondakitala n'kutulutsa mutu
kuti aone bwino ngati ndi kagalimoto komwe kaja.
Dzira silinasweke ndi limodzi lomwe.
Ndinaseka ndekha, ndikumenya chiwongolero.

Koma pofika pakhomo geti linali chitsekere.
Tinyade ankakuzindikira kutsokomola kuja ndikadali pa chigayo,
ankathamanga ndisanakhote n'komwe.
Tsiku limenelo anasuzumira pa kabowo n'kufunsa, ndani?
Galu anandiuwa mpaka ndinatsika.
Ndipo alamu,
amene zaka zinayi zonsezi ankathawira m'nyumba galimoto ikamafika
poti inkamveka ngati amuna awo akuweruka,
anakhalabe pamkeka akusankha nyemba,
osadzutsa mutu.
Sindikudziwa ngati ndinawachiritsa
kapena ndinawalanda kanthu.

Yakaleyo anaigula pa sikelo anthu osungunula zitsulo,
ndalama yake sinakwane ndi theka la thanki.
Yusufu akuti tikaikamo tabo
ndidzafika ku Lunzu tiyi asanazizire.
Ndamuuza kuti ngongole ithe kaye.

Sipana ija ndinaiponya m'kabokosi ka kutsogolo.
Injini yatsopanoyi ndi yaulemu, siidandaula m'mawa,
siifuna kukankhidwa mu Juni.
Koma ndikagunda bampu pa Mbayani
sipanayo imalira kamodzi, ngwe,
ndipo phazi limachoka lokha pa moto.